Laputopu yogula kwa munthu yadzadza, maakaunti a eni ake akale sakuchoka

Mai a Tadala: Moni nonse pagulu. Ndithandizeni nzeru abale. Sabata yatha ndinagulira mwana wanga laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, poti wasankhidwa kupita ku Chirunga, ku yunivesite ya kuno ku Zomba, ndipo kumeneko popanda kompyuta mwana amavutika. Ndi Dell, ili ndi Windows 10. Ndinagula kwa mnyamata wina wogulitsa mafoni ndi makompyuta m'tauni muno. Ikuyaka bwinobwino, kiyibodi ilibe vuto, batire likukhala pafupifupi maola awiri. Koma ikayaka pakubwera mayina anayi a anthu. Awiri ndi achizungu, lachitatu ndi lachimalawi, lachinayi angolemba kuti User ndipo ndi lomwe tikulowera popanda pasiwedi. Ndiye dzulo Tadala amafuna kukopera manotsi kuchokera pa fulashi ya mnzake, kompyuta n'kukana kuti malo atha. Titatsegula This PC tapeza mzere wa disiki ya C: uli wofiira, akuti kwatsala 3 GB pa 118 GB. Ife sitinaikemo kanthu ngakhale chithunzi chimodzi. Komanso wogulitsayo anandiuza kuti ndi ya 128, ndiye 118 ikuchokera kuti? Mtima wanga suli m'malo.

Chikondi wa ku Chikanda: Amayi, za 118 zo musadandaule, sanakubereni. Opanga madisiki amawerengera kuti 1 GB ndi 1000 MB, pamene Windows imawerengera ndi 1024. Ndiye disiki ya 128 imaoneka ngati 119, kenako kagawo kena kakang'ono Windows imasungira zake zoyatsira makina. Yanga ndi chimodzimodzi.

Mai a Tadala: Zikomo mwanangu, pamenepo ndapumako.

Gift: Zosavuta izi. Lowani mu C: mutsegule Users, mafoda onse a anthu amenewo muwafufute ndi Shift ndi Delete. Basi malo abwerera.

Yamikani wa ku Chinamwali: Ayi achimwene Gift, chonde tisawauze zimenezo. Amayi, musakhudze kaye chilichonse. Ine ndimakonza makompyuta tsiku ndi tsiku ndipo ambiri amene amandibweretsera atasokonekera amakhala kuti anachita zomwezi. Foda ya munthu mu Users ndi katundu wake chabe, koma dzina lake Windows inalilemba kwina m'kaundula wake. Mukafufuta foda yokha, dzina lija limatsalabe pa sikirini yolowera, ndipo wina akalowa nalo makina amayamba kumupatsa malo ongoyembekezera omwe amaiwala zonse akazimitsa. Chinanso, mu Users muli Public ndi ina yobisika yotchedwa Default. Default ija ndi chikombole chimene Windows imaumbira akaunti yatsopano iliyonse. Mukaitaya, tsiku lomwe mudzapange akaunti ya mwana idzakana kutseguka.

Gift: Ine ndinachitapo ndipo sizinavute.

Yamikani wa ku Chinamwali: Munachita mwayi achimwene. Koma iyi ndi ya mwana wa sukulu, ndalama zake mayi atulutsa movutikira, tiyeni tidzere njira yake.

Amayi, choyamba tidziwe ngati User mukulowerayo ali ndi mphamvu. Pitani ku Settings, kenako Accounts, kenako Your info. Pansi pa dzina pakuyenera kulembedwa Administrator. Mutiuze zomwe mukuona.

Mai a Tadala: Ndaona achimwene. Palembedwa User, Local Account, Administrator.

Yamikani wa ku Chinamwali: Zili bwino kwambiri, ntchito yaphweka. Tsopano mupange akaunti ya Tadala yakeyake musanachotse ya wina aliyense. Pomwepo pa Accounts dinani Family & other users, kenako Add someone else to this PC. Ikufunsani imelo. Ngati simukufuna za imelo panopa, dinani pomwe palembedwa I don't have this person's sign-in information, kenako Add a user without a Microsoft account. Lembani dzina la mwana, aike pasiwedi yake ndi mayankho a mafunso atatu omwe ikufunseni. Ikapangika muidine, musankhe Change account type, muisinthe ikhale Administrator. Apa ndi pomwe anthu amaphonya. Amachotsa maakaunti onse amphamvu n'kutsala ndi yopanda mphamvu, ndiye kuika pulogalamu iliyonse kumakanika, makina akupempha pasiwedi ya munthu woti kulibe.

Mukatero muzimitse ndi Restart, mulowe ndi dzina la Tadala. Mukafika pamenepo mundiuze, musachotse kaye.

Mai a Tadala: Magetsi angozima kuno ku Matawale, batire latsala pang'ono. Ndipitiriza akayaka.

Aphunzitsi a ku Domasi: Poyembekezera magetsiwo ndifunse nawo. A Yamikani, mayina achizunguwo amabwera bwanji? Yanganso ndinaigula ili ndi dzina la munthu wachilendo komanso kapepala ka manambala komatidwa kunsi.

Yamikani wa ku Chinamwali: Aphunzitsi, ambiri mwa malaputopu amenewa anagwirapo ntchito m'maofesi kapena m'masukulu akunja. Akatha zaka zingapo amawagulitsa ambiri nthawi imodzi, n'kumadutsa m'manja mwa anthu mpaka kufika kuno ngati kaunjika. Ogulitsa osamala amayamba atsuka disiki yonse. Ena amangowonjezera akaunti imodzi yopanda pasiwedi kuti wogula aone kuti ikuyaka, zakale zonse zili momwemo. Kapepala mukunenako ndi nambala yomwe ofesiyo inkalondolera katundu wake. N'chifukwa chake ndimauza anthu kuti pogula aziyang'ananso pa Accounts pomwe palembedwa Access work or school. Ngati pakuoneka dzina la kampani, ndiye kuti makinawo akadali omangirizidwa ku ofesi ija, ndipo zinthu zina akhoza kumakukanizani.

Mai a Tadala: Ayaka. Akaunti ya Tadala tapanga, talowa nayo. Pa Access work or school palibe kanthu. Koma abale, pali nkhani ina yomwe yandisowetsa mtendere. Tadala anati tione kuti chadzadza n'chiyani, ndiye tinatsegula foda ya dzina lachimalawi ija. Inafunsa chilolezo, tinadina Continue, inatseguka. Iyo yokha ili ndi 46 GB. Muli zithunzi zambirimbiri za banja. Chinkhoswe, ukwati, mwana wakhanda ali m'chitenje kuchipatala, mayi wachikulire atakhala pamkeka akusenda chimanga. Zina zajambulidwa pamwamba pa phiri pompano, pa damu la Mulunguzi, ndiye ndi munthu wakonkuno. Mulinso chitupa cha unzika chojambulidwa mbali zonse ziwiri, masatifiketi ndi makalata ofunsira ntchito. Nditaona chitupacho ndinamuuza mwana kuti tseka. Tsopano ndifufute zinthu zimenezi? Dzanja langa likulemera.

Gift: Amayi munagula ndi ndalama zanu. Mwini wake akanazifuna akanachotsa asanagulitse. Fufutani.

Chikondi wa ku Chikanda: Si onse amagulitsa mwakufuna achimwene. Kuno ku Chikanda anthu amapinyolitsa laputopu kuti apeze ya lendi kapena ya fizi, akuganiza kuti aiwombola mwezi ukatha, ndiye zimakanika n'kugulitsidwa. Ena imawathera kwa okonza atalephera kulipira. Komanso tisabise, ena amaberedwa m'mahositelo.

Mai a Tadala: Mwanditchula chomwe ndimaopa. Ngati ndi yobedwa?

Agogo a ku Sadzi: Mai a Tadala, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Za mabatani ine sindilowererapo, anyamatawa akuthandizani. Koma pa zithunzizo ndilankhule. Akazi anga anatisiya zaka zapitazo, ndipo zithunzi zawo zomwe ndili nazo ndi zisanu ndi chimodzi zokha, zosindikiza, zina zinayamba kufufuma ndi chinyontho cha kuno ku Zomba. Zambiri zinali mufoni ya mwana wanga yomwe inagwera m'madzi. Mayi wokhala pamkekayo mwina lero kulibe, ndipo mwina chithunzi chake chatsala m'makina muli m'nyumba mwanumo basi. Kudikira masiku awiri sikungalepheretse mwana sukulu. Bwererani kwa amene anakugulitsani, mumufunse mwaulemu kuti anaitenga kwa ndani. Ngati anaipeza mwachilungamo sadzavuta, adzamuimbira mwini wakeyo inu muli pomwepo. Akayamba kuzungulirazungulira, mudzadziwa kuti pali chobisika, ndipo pamenepo mudzafune lisiti kapena akubwezereni ndalama zanu.

Aphunzitsi a ku Domasi: Agogo anena zoona. Ndipo Mai a Tadala munachita bwino kutseka. Musaike chithunzi chilichonse pagulu pano kapena pa Facebook pofuna kufunsa kuti akumudziwa ndani, makamaka chitupacho. Munthu akhoza kuvulala ndi chifundo chathu chomwe.

Mphatso: Ine zinandichitikira mbali inayo. Ndinagulitsa laputopu yanga nditamaliza sukulu, ndinafufuta zithunzi ndi mafayilo ndikuganiza kuti ndamaliza. Patatha milungu itatu bambo wina anandiimbira kuti, "Mwanawe, ndikatsegula Chrome ndikumalowa mu imelo yako, ndipo nambala yako ndaipeza momwemo." Thupi lonse linazizira. Mapasiwedi anga onse anali osungidwa mu Chrome muja, Facebook, imelo, zonse. Anali munthu woopa Mulungu, anandiuza kuti ndisinthe mapasiwedi tsiku lomwelo ndipo iye anachotsa akauntiyo. Ndiye amayi mukamupeza mwini wakeyo mumuuzenso kuti asinthe mapasiwedi ake, chifukwa simukudziwa kuti laputopuyo yadutsa m'manja angati isanafike kwa inu.

Yamikani wa ku Chinamwali: Ndikugwirizana nazo. Ya dzina lachimalawiyo isiyeni kaye, chifukwa zomwe tikufuna kuchitazi zikafufuta sizipita mu Recycle Bin, zimapitiratu. Koma awiri achizunguwo ndi User uja tiwachotse lero kuti mwana apeze popumira. Mu User muja onetsetsani kaye kuti simunasiyemo kanthu kanu pa Desktop kapena mu Downloads. Kenako muli mu akaunti ya Tadala, bwererani ku Family & other users, dinani dzina, dinani Remove, kenako Delete account and data. Chitani limodzi limodzi, ndipo muwerenge dzina kawiri musanadine.

Mai a Tadala: User wachoka, mzungu mmodzi wachoka. Winayo dzina lake silikuoneka pamndandandawo koma foda yake mu Users ilipo, ya 11 GB.

Yamikani wa ku Chinamwali: Zimachitika. Pali khomo lina. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe sysdm.cpl, mudine Enter. Pamwamba musankhe Advanced, ndipo pagawo la User Profiles mudine Settings. Ichedwa pang'ono chifukwa ikuwerengera kukula kwa aliyense. Mupeza mayina onse ndi kukula kwawo, ndipo ena amalembedwa Account Unknown, kutanthauza kuti mwini wake anachotsedwa kapena anali wa netiweki ya ofesi koma katundu wake anatsala. Sankhani wa 11 GB yo mudine Delete. Njira imeneyi imachotsa foda pamodzi ndi zolembedwa m'kaundula muja. Default Profile musaikhudze. Ngati batani la Delete lili lofooka losadinika, chitani Restart muyesenso.

Mai a Tadala: Zatheka! Panopa akuti 27 GB free, mzere wasintha wakhala wabuluu.

Chikondi wa ku Chikanda: Muwonjezere ndi Disk Cleanup amayi. Lembani dzinalo posakira, musankhe C:, kenako mudine Clean up system files. Muchonge Windows Update Cleanup, Temporary files, Delivery Optimization Files ndi Recycle Bin. Mukaona Previous Windows installation muchongenso, imeneyo ndi foda ya Windows.old yomwe imatsala makina akakwezedwa ndipo imakhala yaikulu. Chenjezo ndi loti mukadzagwiritsa ntchito Storage ya mu Settings, pamakhala bokosi la Downloads. Mnzanga anachonga osawerenga, manotsi a semesita yonse omwe anatsitsa anapita.

Gift: Azimitsenso hibernate. Command Prompt ngati administrator, powercfg /h off. Kafayilo ka hiberfil.sys kamadya ma GB angapo pachabe.

Yamikani wa ku Chinamwali: Lamulolo ndi lolondola achimwene, ndipo malo amabwereradi. Koma kwa mwana wa sukulu wokhala ndi batire lakale, ine sindingazimitse. Batire likatsala pang'ono kutheratu, Windows imatha kusunga zonse zomwe zili zotsegula mu fayilo imeneyo isanazime, ndipo magetsi akabwera umapeza asayimenti yako ili pomwe unasiyira. Ndi mmene magetsi amazimira kunoku, ma GB ochepawo akugwira ntchito yake. Disiki ikadzathinanso kwambiri adzaganizire pamenepo. Zomwe ndikuletseratu ndi ziwiri: pagefile.sys ndi foda ya WinSxS yomwe ili mu Windows. Anthu amaiona kukula n'kuyamba kufufuta ndi manja, mawa lake makina osayaka. Disk Cleanup ija imadziwa yokha zoyenera kuchotsamo.

Mukafuna kuona ndi maso chomwe chikudya malo, pali timapulogalamu taulere monga WinDirStat ndi TreeSize Free, sitidya bandulo yambiri. Timasanja mafoda kuyambira wamkulu. Kawirikawiri ndimapeza kuti ndi mafilimu ndi magemu omwe wina anabisa mufoda yoiwalika.

Aphunzitsi a ku Domasi: Koma a Yamikani, m'malo mosesa chipinda chimodzi chimodzi, bwanji osangoifomata yonse? Munthu ukalowa nyumba ya lendi umakolopa paliponse.

Yamikani wa ku Chinamwali: Aphunzitsi, mukandifunsa maganizo anga enieni, ndi amenewo. Kompyuta yogula kwa munthu njabwino kuiyambitsa mwatsopano, chifukwa kuchotsa maakaunti sikuchotsa mapulogalamu omwe eni akale anaika, ndipo sudziwa kuti ena akuchita chiyani mkatimo. Njira yake ili mu Settings, Update & Security, Recovery, Reset this PC, n'kusankha Remove everything. Ikufunsa Cloud download kapena Local reinstall. Yoyambayo imatsitsa zopitirira 4 GB pa intaneti, ndiye kwa ife a bandulo yachiwiriyo ndi yomwe imatikomera. Sindinayambe ndi zimenezi pa zifukwa zitatu. Choyamba ndi zithunzi za munthu uja, zikanapita zonse. Chachiwiri, magetsi akazima pakati pa ntchitoyi batire n'kutha, makina akhoza kukana kuyaka mpaka titaikamo Windows ndi fulashi. Chachitatu, Word ndi Excel zomwe wogulitsa anaikamo zimachoka, ndipo nthawi zambiri sapereka kiyi yake, nambala ya chilolezo yoziikiranso. Mwana akhoza kugwiritsa ntchito LibreOffice yomwe ndi yaulere ndipo imatsegula mafayilo a Word, koma adziwiretu.

Musanachite Reset muonenso pa Activation, pomwepo pa Update & Security. Pakalembedwa kuti Windows is activated with a digital license, ndiye kuti chilolezo chinamangirizidwa ku makinawo ndipo chidzabwerera chokha akalumikizidwa pa intaneti.

Chikondi wa ku Chikanda: Tikumbukirenso kuti Microsoft inaika 14 October 2025 ngati tsiku losiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse. Makina sasiya kugwira ntchito, koma zotchingira mabowo a chitetezo ndi zomwe zimasiya kubwera mwachizolowezi. Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo ka mkati mwa makina), RAM yosachepera 4 GB, disiki yosachepera 64 GB, ndipo kwa Intel purosesa kuyambira m'badwo wa 8. Amayi muone mu Settings, System, About, mutiuze zomwe zalembedwa pa Processor.

Mai a Tadala: Palembedwa Intel Core i5-8250U, RAM 8 GB.

Chikondi wa ku Chikanda: Imeneyo ndi ya m'badwo wa 8, nambala yoyamba pambuyo pa i5 ndi yomwe imanena. Munasankha bwino, Windows 11 ikuyenera kulowa.

Mai a Tadala: Abale ndabweranso, pepani ndinakhala chete masiku awiriwa. Ndinatsatira mawu a agogo. Lachiwiri nditaweruka ndinapita kwa mnyamata uja ndi laputopu m'chikwama. Poyamba nkhope inagwa, ankaganiza kuti ndabwera kudzabweza. Nditamufotokozera anatulutsa kope lomwe amalembamo omwe amugulitsa katundu, n'kuimba foni ine ndili pomwepo. Mwini wake ndi mayi wachitsikana, amakhala cha ku Thondwe. Anaigulitsa yekha mwana wake atadwala, ndipo ankaganiza kuti poti pali pasiwedi palibe angaone zamkati, komanso kuti zithunzizo basi zinapita. Dzulo anabwera ndi fulashi ya 64 GB yobwereka kwa mlamu wake. Tinakhala pakhonde kunyumba kwanga, Tadala akukopera, zinatenga ola ndi theka. Atafika pa chithunzi cha mayi wa pamkeka uja anagwira pakamwa, anangoti, "Amayi anga awa," osapitiriza. Anamwalira chaka chatha. Ndinamuuza zosintha mapasiwedi monga ananenera Mphatso, ndipo tinatsegula zithunzi zingapo pa fulashipo kuti titsimikize kuti zalowadi. Kenako ndinamupempha kuti adine yekha Delete account and data, aone ndi maso ake kuti chitupa chake sichinatsale m'nyumba mwanga.

Tsopano pa sikirini yolowera pali dzina la Tadala lokha. Titachitanso Disk Cleanup akuti 81 GB free.

Agogo a ku Sadzi: Mwachita bwino mwanangu. Mulungu akudalitseni, ndipo Tadala akaphunzire ndi mtima wonse.

Gift: Ndavomera, ndinafulumira pa zithunzi zija. Pepani amayi.

Yamikani wa ku Chinamwali: Nkhani yabwino amayi. Poti zithunzi zafika kwa mwini wake, palibenso chotiletsa kuitsuka yonse mwana asanayambe kuikamo zake. Pochita Reset padzakhala Change settings, pamenepo mudzayatse Clean data kuti zofufutidwa za mayi uja zisadzabwezedwe ndi munthu wina. Imachedwerapo, ndiye idzakhale pa tchaja. Ngati mukuopa magetsi, bwerani nayo Loweruka m'mawa, kuno ndili ndi sola ndipo Windows 11 ndili nayo kale pa fulashi, simuwononga bandulo. Manotsi omwe Tadala wakopera kale awasunge pa fulashi yake musananyamuke, ndipo musaiwale tchaja.

Mai a Tadala: Tibwera Loweruka cha m'ma 9 achimwene. Ndibwera naye Tadala kuti aone mmene mukuchitira, poti ku Chirunga akakhala yekha.